Ofufuza za mbiri ndi chikhalidwe akabwera ku Dedza ndi ku Ntcheu: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya ndalama

Chaka ndi chaka, mvula ikangokata, kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu kumafika aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite. Ena amadzaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, ena amafuna nyimbo za ngoma, ena mbiri ya maufumu, ena nthano ndi miyambi. Ine ntchito yanga ndi ya mu ofesi yokonza maulendo otere: kulemba bajeti, kupempha thandizo, kulipira anthu, ndi kusunga mapepala oti owerengera ndalama adzaone. Kwathu ndi konkuno, choncho mafunso amandipeza mbali zonse ziwiri, kwa ophunzira ndi kwa eni mudzi. Awa ndi amene amabwerabwera.

Ndalama zoyendetsera maulendo amenewa zimachokera kuti?

Njira zake ndi zitatu. Yoyamba ndi thumba la yunivesite, lomwe m'masukulu a boma mumalowa ndalama ya boma ndi fizi ya ophunzira. Akachotsapo malipiro a antchito, magetsi, madzi ndi mayeso, yotsalira kafukufuku wa kumudzi imakhala yochepa kwambiri.

Yachiwiri ndi thandizo la mabungwe. Mwachitsanzo, British Library ya ku London ili ndi pologalamu ya Endangered Archives Programme, yomwe inayamba mu 2004, yothandiza kujambula ndi kusunga zikalata zakale zomwe zatsala pang'ono kuwonongeka. Wenner-Gren Foundation ya ku New York imathandiza ofufuza za chikhalidwe cha anthu. Ndalama zotere zimachita kupikisanirana. Mphunzitsi amalemba pulopozo, amadikira miyezi, ndipo ambiri amabwera chimanjamanja.

Yachitatu ndi thumba la wophunzira mwiniwake. Mtsikana amene watsika minibasi pa Linthipe ndi kope ndi foni, n'kukwera kabaza kulowera kumudzi, nthawi zambiri wabwera ndi ndalama ya makolo ake. Musamuyese wa chikwama. Mufunseni ulendo wake walipira ndani, adzakuuzani.

Bwanji amakonda kubwera kuno?

Chifukwa zofufuza zili pafupipafupi. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zofiira zija ndi za Akafula, zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Pa phanga la Mwana wa Chentcherere anakumbapo katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark mu 1972. Mukatsetsereka Khwekhwelere n'kufika pa Golomoti, Mua sali patali: mishoni ya mu 1902, ndi malo a za chikhalidwe ndi luso a Kungoni omwe bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, komwe kuli nyumba ya Chamare yosungiramo za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Ntcheu kuli likulu la Inkosi ya Makosi Gomani ku Lizulu, ndi mbiri ya Gomani Chikuse yemwe anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Zonsezi ndi galimoto imodzi pa msewu wa M1 ndi nthambi zake, ndipo wolemba bajeti amaziona zimenezo.

Amafika pa galimoto yaikulu, koma tikawapempha kanthu kakang'ono amati "sizili mu bajeti". Ndi zoona kapena ndi kuumira chabe?

Kawirikawiri ndi zoona, ngakhale yankholo limawawa kulimva. Ndalama ya thandizo siibwera ngati mulu woti munthu azitapapo mmene wafunira. Imabwera yogawidwa kale m'mizere: mzere wa mafuta, wa dalaivala, wa malo ogona, wa chakudya, wa makina ojambulira mawu, wa otayipa zomwe zajambulidwa, wa kusindikiza. Mzere uliwonse uli ndi kuwerengera kwake, anthu angati, masiku angati, pa mtengo wanji. Yunivesite nayo imatengapo gawo lake la kayendetsedwe ka ofesi. Mapepala amenewa amasainidwa ulendo usanayambe, mwina chaka chathunthu m'mbuyo.

Kuchotsa ndalama pa mzere wina n'kuiika pa wina kumafuna chilolezo cholembedwa kuchokera kwa opereka thandizo. Mphunzitsi amene watenga ya mafuta n'kugulira timu ya mpira ya m'mudzi yunifomu, ngakhale atachita ndi mtima wabwino, adzabweza ndalamayo kuchokera m'thumba mwake. Komanso ndalama imabwera m'magawo. Gawo lachiwiri silituluka lipoti la gawo loyamba lisanavomerezedwe.

Koma apa ndiyankhulepo maganizo anga. Mawu oti "sizili mu bajeti" amateteza wofufuza pa zinthu zomwe zangobwera mwadzidzidzi. Samuteteza pa zomwe amadziwa kale kuti adzazifuna. Aliyense wobwera kudzafunsa mbiri amadziwa kuti adzakhala pa mphasa ya munthu, adzafuna womulondolera njira, adzaonekera kwa mfumu. Ngati zimenezi mulibe mu bajeti, vuto si la malamulo. Ndi la amene analemba bajetiyo ali mu ofesi, osaganizako za anthu omwe akukawadalira.

Agogo anga anakhala nawo tsiku lonse akuwafotokozera mbiri ya mudzi wathu, pomaliza anangoti zikomo. Ndi mmene ziyenera kukhalira?

Ayi. Funso ili ndi limene limandikhudza kuposa onse.

Pali lamulo lomwe ofufuza amalitchula, ndipo lilipodi. Makomiti oona za ufulu wa anthu ofunsidwa mafunso salola kugula mawu a munthu, kapena kumukopa ndi ndalama yochuluka kuti avomere zomwe akanakana. Chifukwa chake n'chomveka. Mukati mudzalipira nthano iliyonse payokha, nthano zidzachuluka ndipo zina zidzakhala zopeka usiku womwewo. Mukalonjeza ndalama yaikulu kwa namkungwi, mukumuika pa mayesero oulula zomwe analumbira kusunga.

Koma makomiti omwewo amalola kubwezera munthu nthawi yake, ulendo wake ndi chakudya chake. Agogo amene akhala pa khonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka asiya dimba, asiya mbatata yosakumba, mwina atuma mdzukulu kuphika nsima ya alendo ndi ufa wa m'nyumba momwemo. Zomwe akufotokozazo anazisunga zaka makumimakumi, ndipo zikalembedwa wina adzalandira nazo digiri. Bajeti yomwe ili ndi alawansi ya mphunzitsi, ya dalaivala ndi ya wophunzira, koma ilibe mzere wa agogo amenewa, ine sindiitumiza. Ndimaibweza kwa mwini wake kuti akonze.

Kaperekedwe kake kamasiyana. Ena amapereka ndalama yofanana kwa aliyense wofunsidwa, ena shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, makamaka kwa achikulire omwe kulandira ndalama m'manja mwa mlendo kumawachititsa manyazi. Chofunika n'chakuti zinenedwe poyera kucheza kusanayambe, pa nthawi yomwe akuwerenga fomu ya chilolezo. Fomuyo iwerengedwe m'Chichewa, ndipo agogo ali ndi ufulu wokana funso lina lililonse, kapena kunena kuti makina azimitsidwe, popanda kulandidwa zomwe analonjezedwa.

Osasokoneza ofunsidwa ndi ogwira ntchito. Mnyamata wolondolera njira ya ku phanga, womasulira, mayi wophika, mlonda wa galimoto, amenewa ndi aganyu. Mtengo wa pa tsiku mugwirizane ntchito isanayambe.

Bwanji amatisainitsa mapepala ndi kufuna chiphaso pa ndalama yochepa chabe?

Chifukwa amene watenga ndalama ku ofesi amaitenga ngati ngongole. Akabwerako ayenera kulikwideta, kusonyeza kwacha iliyonse komwe yapita. Pa filing'i siteshoni ndi pa loji lisiti imapezeka. Wa kabaza alibe lisiti, mayi wogulitsa nkhuni alibe, mfumu ilibe. M'malo mwake timagwiritsa ntchito pepala la malipiro: dzina, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, ntchito yomwe wagwira, ndalama yomwe walandira, tsiku, kenako saini kapena chidindo cha chala. Pansi pamafunika mboni, ndipo chidindo cha amfumu chimathandiza kwambiri. Masiku ano ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa uthenga wa pa foni umakhala umboni wa mbali zonse ziwiri. Mukalandira motero, funsani ngati aikapo ya kutapira.

Chenjezo limodzi, ndipo muwauzeko achikulire kwanu: musasaine kapena kudinda chala pa pepala lomwe malo a ndalama ali osalemba. Onani nambalayo ndi maso anu, kapena wina wa m'banja akuwerengereni, muwerenge ndalama ili m'manja, kenako musaine. Pepala losalemba ndi limene munthu wosakhulupirika amakadzaza yekha madzulo ku loji.

Tikufuna kuti ophunzira akaonere gule wamkulu. Tilembe bwanji mu bajeti?

Choyamba, gule saitanidwa ngati bandi. UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, koma eni ake akadali eni ake. Nkhani imayambira kwa mfumu mwini mzinda, ndipo iyo ndi akuluakulu ake ndi amene anganene ngati n'zotheka, liti, pa bwalo liti, ndi zomwe alendo angajambule. Njira yabwino ndi kupempha kuti ophunzira akakhale nawo pa mwambo womwe ulipo kale, monga chiliza kapena kulonga ufumu, atavomera eni mwambowo. Kudambwe osameta safikako, ndipo palibe mzere wa bajeti womwe ungasinthe zimenezo. Ofuna kuphunzira maina ndi matanthauzo a zilombo ayambire ku Chamare ku Mua, komwe zinaikidwa kuti anthu aziona.

Tsono pali mfundo yomwe imavutitsa a mu ofesi. Malamulo a ndalama amati aliyense wolandira alembedwe dzina ndi nambala ya chiphaso. Koma chilombo chilibe dzina la munthu ndipo chilibe chiphaso. Kufika pa bwalo ndi pepala n'kumafunsa kuti "amene avina aja asaine apa" ndi chipongwe chachikulu, ndipo ulendo ungathere pomwepo. Chomwe timachita ndi ichi: mu bajeti timalemba ndalama imodzi ya mwambo wonse, yolandira mfumu mwini mzinda kapena atsabwalo m'malo mwa gulu, ndi chidindo cha mfumu, ndi kalata yachidule yofotokoza chifukwa chake palibe mndandanda wa maina. Kalata imeneyi opereka thandizo aione ndi kuivomera ndalama isanatuluke. Mukawafotokozera pachiyambi amamva. Mukadzawafotokozera pomwe owerengera ndalama afunsa kale, zimaoneka ngati mukubisa kanthu.

Ndalama yofupa pa bwalo ndi ina. Imeneyo ilibe lisiti ndipo siingakhale nayo. Ophunzira auzidwiretu kuti atenge ndalama zing'onozing'ono zawozawo, ndipo afunse eni mudzi kafupidwe kake.

Ku Ntcheu, pa za ngoma, vuto la maina kulibe, ovina amasaina okha. Koma gulu la ngoma ndi anthu ambiri, amuna ndi amayi, ndi zishango ndi zibonga zawo. Muwerengere galimoto yowanyamula ndi chakudya cha onse, osati cha atsogoleri okha.

Nthawi yabwino yokonza ulendo kapena msonkhano ndi iti?

Kalendala ya yunivesite ndi ya kumudzi sizigwirizana, ndipo yopambana ndi ya kumudzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi njira zafumbi zopita ku malo a zojambula a ku Mphunzi ndi ku Namzeze zimaterera, anthu ali kumunda, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yomwe m'nyumba zambiri ufa umakhala utachepa. Si nthawi yodzaza khonde la munthu ndi alendo. Epulo ndi Meyi ndi zokolola. Juni ndi Julaye anthu amapezeka, koma kuzizira kwa ku Dedza si kwa masewera: ophunzira ochokera ku Zomba kapena kunyanja auzidwe za majuzi, ndipo ngati akagona m'kalasi kapena mu holo ya tchalitchi, mabulangete alowe mu bajeti. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe ndi pomwe miyambo imachuluka. Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko pa Nkolimbo umachitika chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo masiku amenewo malo ogona pa Ntcheu amadzaza msanga.

Pa ulendo uliwonse onjezani tsiku limodzi lopanda pologalamu, ndi chakudya chake ndi malo ake ogona. M'mudzi mukagwa maliro zonse zimaima. Alendo aulemu amapita kukakhala nawo pa siwa ndi kupereka chipepeso, kenako n'kudikira.

Kumbukiraninso kuti chaka cha boma cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ndalama yochokera m'thumba la yunivesite ya boma imavuta kutuluka chaka chikamatsekedwa.

Tinalemba bajeti chaka chatha, pano mitengo yakwera. Titani?

Zimenezi zatigwera tonse. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene thandizo lawo linali lisanasinthidwe, likadali m'madola kapena m'mapaundi, anapumako pang'ono. Amene anali atalandira kale m'makwacha anaona masiku a kumudzi akufupika. Lembani kalata kwa opereka thandizo msanga, muikemo makotesheni atsopano, mupemphe kusintha mizere. Pochepetsa, yambani ndi chiwerengero cha opita ndi mtundu wa malo ogona. Mzere wa anthu a kumudzi ukhale womaliza kukhudzidwa, chifukwa munawalonjeza pamaso. Polemba bajeti yatsopano ikanimo ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi ngati opereka thandizo amalola, ndipo pa nthawi ya vuto la mafuta musanyamuke ndi thanki ya theka poganiza kuti mukathira pa Dedza.

Zilolezo zimafunika ziti, ndipo zimalipiridwa?

Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya yunivesite kapena ya National Commission for Science and Technology, yomwe ili ndi komiti yoona za maphunziro a chikhalidwe ndi umoyo wa anthu. Kumeneko kumakhala kolipira, choncho funsani mtengo musanatseke bajeti. Malo a zojambula pamiyala amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments. Kukumba kapena kutola chilichonse, ngakhale phale, popanda chilolezo chawo ndi mlandu. Kuthira madzi pa zojambula kuti zioneke bwino pa chithunzi, kuzikhudza, kulembapo maina ndi makala, kusonkha moto m'phanga, zonsezi zimawononga zomwe sizingabwezeretsedwe.

Mukakhala ndi mapepala amenewa, kaonekereni ku ofesi ya DC, kenako kwa T/A, kwa gulupu, mpaka kwa nyakwawa ya mudzi womwe mukagwiremo ntchito. Osadumpha. Kwa mfumu sapita chimanjamanja, ndipo kanthu kolonjera nako kalembedwe mu bajeti ndi dzina lake lenileni, osakabisa pa mzere wa mafuta.

Amayi a m'mudzi mwathu angaphikire msonkhano, kapena mpaka chakudya chichokere ku tauni?

Angathe, ndipo ine ndimakonda zimenezo. Chovuta ndi malamulo a kagulidwe ka zinthu, omwe amafuna makotesheni atatu, ndipo pa ndalama yokulirapo amafuna wogulitsa wolembetsedwa, wokhala ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, yemwe amadulidwa msonkho polipidwa. Gulu la amayi lomwe lili ndi akaunti ndi mapepala likhoza kupikisana nawo. Ngati lilibe, okonza msonkhano agule okha ufa, nyemba, kabichi, mbatata ndi nkhuni pa msika, monga pa Lizulu kapena pa Bembeke, alembe pa pepala la malipiro, ndipo amayiwo alipidwe ngati ophika pa tsiku.

Ndalama ikatsala, tingagawane?

Ayi. Imabwezedwa, kapena mumapempha mwa kalata kuti igwire ntchito ina ya pulojekiti yomweyo.

Bwanji nkhani ya alawansi imautsa mikangano chonchi?

Chifukwa malipiro a anthu ambiri sakwana mwezi, ndipo ulendo wa kumudzi umaoneka ngati mpata wopumira. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma alawansi ndi ya chakudya ndi pogona. Ngati pulojekiti yalipira kale loji ndi chakudya, munthu sangalandirenso yonse. Chomwe chimandipweteka ndi kuona mndandanda wa opita ukutalika ndi anthu omwe alibe chochita kumudziko, pomwe ndalama yotayipira zojambulidwa palibe. Ola limodzi la mawu a agogo limatha kudya tsiku lathunthu la wotayipa, makamaka ngati muli nyimbo kapena mawu a Chingoni ofuna kufunsa kwa odziwa. Ntchito imeneyo ikasowa ndalama, mawu aja amangokhala mu kompyuta osamvedwa ndi aliyense. Uzani gulu lonse mitengo ya alawansi musananyamuke, aliyense adziwe yake ndi ya mnzake.

Gulu lathu la chikhalidwe lingapemphe lokha thandizo, osadzera ku yunivesite?

Lingathe, koma opereka thandizo ambiri amafuna gulu lolembetsedwa, lokhala ndi malamulo ake olembedwa, komiti, ndi akaunti ya ku banki yosainira anthu awiri kapena atatu. Yambani ndi kope la msungichuma lolembedwa bwino, ngakhale ndalama zake zikhale za masonkhedwe a mamembala. Kope limenelo ndi umboni woyamba womwe mungaonetse. Njira ina ndi kulowa mu pulopozo ya yunivesite ngati abwenzi a pulojekiti, dzina la gulu ndi gawo lake la ndalama zitalembedwa momwemo. Pemphani kuona tsamba limenelo. Ndipo munthu akabwera n'kunena kuti mumupatse ndalama kuti akakutsegulireni thandizo kwa azungu, mukaneni. Mabungwe enieni salipiritsa anthu kudzera mwa munthu woyenda m'midzi.

Mawu ndi zithunzi zomwe amatijambula zimakathera kuti? Ife sitiziona.

Zambiri zimathera m'mabuku a digiri, olembedwa m'Chingerezi, osungidwa mu laibulale ya yunivesite. Zina zimapita m'magazini a akatswiri kunja. Zochepa zimafika ku National Archives ku Zomba. Kumudzi komwe zinachokera sizibwerera kawirikawiri, ndipo chifukwa chake n'chomwe chija: ulendo wobwereza sunalembedwe mu bajeti, ndiye pomwe buku likutha ndalama inatha kale.

Mzere umenewu ndi wosavuta kuulemba. Mafuta a ulendo umodzi, kumasulira chidule cha zomwe zapezeka m'Chichewa, kusindikiza makope oti asiyidwe kwa amfumu, ku sukulu ya pafupi ndi ku banja la aliyense amene anafunsidwa, kutsukitsa zithunzi, ndi memori khadi ya mawu a agogo kuti adzukulu adzawamve. Pa msonkhano wobweza zotsatirawo eni nkhani amakonzanso zolakwika: dzina la mfumu lomwe linalembedwa mokhota, mzere wa ufumu womwe wadumpha munthu, nyimbo ya maliro yomwe yaikidwa pa za ukwati. Ndi bwino zimenezi zikonzedwe buku lisanasindikizidwe.

Inu amfumu ndi a komiti, ofufuza akadzafika kudzapempha chilolezo, afunseni adzabwera mwezi uti kudzakuuzani zomwe apeza, adzasiya makope angati, ndi ndani adzasunge mawu ojambulidwawo. Afunseninso zomwe adzachite ndi zithunzi, makamaka ngati akufuna kuziika pa intaneti. Mayankho awo alembedwe m'buku la alendo la mudzi, asaine, asiye dzina la dipatimenti yawo ndi la mkulu wa pulojekiti, kuti mwezi umenewo ukadutsa mudziwe kolembera kalata.